Tsamba Loyera la Mfumu Ndinepano

Kuli dziko lina lotchedwa Dikirani, lochita malire ndi Bweraninso kum'mawa ndi Tikuimbirani kumadzulo. Musavutike kulifuna pamapu, poti amene anapatsidwa ntchito yolijambula akudikirabe pepala.

M'dzikomo munali mwambo umodzi umene ngakhale mafumu olusa sankaugwedeza. Lamulo la mfumu silinkagwira munthu lisanafike pamsika waukulu wa Tsitsaniko. Kale wamthenga ankapita ndi ng'oma n'kukalifuula pakati pa milu ya mbatata, ndipo amalonda atatu osankhidwa ndi anzawo, otchedwa mboni za pamsika, ankayankha kuti, "Tamva!" Akangotero, basi, lamulo lamera mano. Akapanda kutero, linkangokhala ngati chifuwa cha mfumu, chimene aliyense amachimva koma palibe amene amachitapo kanthu.

Mfumu Ndinepano Wachitatu atalowa ufumu anati ng'oma n'zachikale. Anatsegula tsamba la pa intaneti, nalamula kuti malamulo onse azilembedwa pamenepo. Lolemba lililonse m'mawa mboni zitatu zija zinkatsegula mafoni awo pamaso pa wapolisi, n'kuwerenga, n'kunena kuti, "Taona!" Tsono popeza kudina n'kosavuta kusiyana ndi kuimba ng'oma padzuwa, malamulo anayamba kugwa ngati matalala. Panabwera loletsa kuyasamula galimoto ya mfumu ikamadutsa. Panabwera loletsa mbuzi kukhala ndi ndevu zotalika kuposa za mfumu. Panabweranso lakuti mvula ikagwa bwino anthu azithokoza kunyumba yachifumu, koma ikachedwa azidzudzula mitambo. Mboni zinkawerenga, n'kuusa moyo, n'kunena kuti taona.

Amene ankasamalira tsambalo anali Yotamu Kalilangwe, Mlembi Wamkulu wa Tsamba Lachifumu, mwamuna wovala tayi ngakhale m'chilimwe chosungunula phula. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamulande. Koma mtima wake sunali pakompyuta ayi. Unali pa Phiri la Tafika, kumene akuluakulu a boma ankakhala m'nyumba za mipanda, za madzi otuluka m'kati momwe. Yotamu ankachita lendi ku Kamatope, kuseri kwa msika, m'nyumba imene mvula ikayamba bedi linkazungulira chipinda chonse kuthawa modontha. Popita kuntchito ankadutsa mumsika foni ili kukhutu, akulankhula ndi munthu amene kunalibe, kuopa kuitanidwa ndi mchemwali wake Felesiya, wogulitsa kaunjika, amene anamulera makolo awo atamwalira. Felesiyayo ndiye anali mkulu wa mboni zitatu zija. Ankamuona mlongo wakeyo akudutsa, ankadziwanso bwino lomwe kuti foniyo sikulankhula, koma ankangomusiya.

Mavuto anayamba tsiku limene mfumu inaona chikwangwani cha munthu wogulitsa mankhwala a makoswe, n'kuzindikira kuti zilembo zake n'zofanana ndi za patsamba lachifumu. Inalowa m'Bwalo la Nduna itakwiya kwambiri.

"Ine ndi makoswe tizilembedwa mofanana?"

"Zosatheka, wawa!" zinayankha nduna zonse pamodzi, zisanamve n'komwe kuti nkhani yagona pati.

Choncho panapangidwa zilembo zapadera, zimene anthu a makompyuta amati fonti, ndipo anazitcha Dzanja la Ndinepano. M'kati mwa O aliyense munali nkhope ya mfumu ikumwetulira. Kadontho ka pa i kanali chisoti. Mchira wa g unali wa kambuku, mawanga onse okwanira, ndipo N, pokhala chilembo choyamba cha dzina lachifumu, anali ndi nthenga, mikanda, ndi asilikali awiri omulondera. Fayilo ya zilembozo inalemera moti Yotamu poikweza pa seva, kompyuta yosunga tsambalo, anachita kuyang'ana kumbali, monga amachitira munthu wosenzetsa bulu katundu wa ng'ombe.

Apa mundimvetse bwino, inu amene mumangodina osafunsa. Foni ikatsegula tsamba, mawu amafika msanga chifukwa ndi opepuka. Zilembo zapadera zimabwera pazokha, pambuyo. Podikira, foni imayamba yaonetsa mawuwo m'zilembo wamba zimene ili nazo kale, ndipo zapaderazo zikafika zimalowa m'malo. Mayiko ambiri amachita choncho, ndipo sindinamvepo kuti wina anamangidwa nazo.

Tsiku lotsegulira zilembozo, nduna zitakhala m'mizere kuyang'ana kanema wamkulu wa pakhoma, Yotamu anadina. Mawu a mfumu anatulukira m'zilembo wamba, zowondazo, za makoswe zija, n'kukhalapo kanthawi kongomeza malovu. Kenako Dzanja la Ndinepano linafika ndi nthenga zake n'kuzikankhira kutali. Yotamu anamwetulira, kudikira kuti amuombere m'manja. Chimene anamva ndi mpando ukugwa. Anali Bwana Chogwada, Nduna ya Ulemu ndi Kugwada, mkulu wa mawondo a zikang'a ngati a mbuzi.

"Mwaziona? Anthuni, mwaziona zimenezo?" anakuwa Chogwada. "Zilembo wamba zakhala pampando wa mfumu! Zakhalapo ndithu, ine ndikuona ndi maso angawa!"

"Zimangofunditsa pamalo, bwana," anatero Yotamu. "Zachifumu zikafika zimachoka zokha."

"Kufunditsa! Iwe, unaonapo kuti wogulitsa makala akufunditsa mpando wa mfumu? Mawa lake azidzafunditsanso bedi?"

Mfumu sinaone kanthu, poti nthawi yonseyo inali kudikira nkhope yake m'kati mwa O, koma inavomereza kuti yanyozedwa kwambiri. Bwalo linagamula kuti mawu asamaoneke mpaka zilembo zachifumu zitafika. Yotamu anabwerera kuofesi n'kulemba mzere wobisa mawu, monga anamuuzira.

Lolemba lotsatira mboni zinasonkhana pansi pa mtengo wa mbawa pakati pa msika. Panali Felesiya, Bambo Zigwetsa wootcha kanyenya, ndi Mayi Nankhoma a tomato, amene sankanena chinthu kawiri. Sajeni Mlauzi anaima pambali pawo monga mwa mwambo. Anatsegula mafoni. Pamwamba panabwera chithunzi cha mfumu, koma pansi pake panali poyera kuti mbee. Kagudumu kodikirira kanazungulira, n'kuzungulira. Netiweki ya ku Tsitsaniko inali yoyendera ndodo, ndipo zilembo zolemera choncho sikanatha kuzikoka.

"Mwaona?" anafunsa Sajeni.

"Ine ndikaona ndimati ndaona, a Sajeni, mumandidziwa," anatero Felesiya. "Apa ndikuona mbale yotsukidwa."

Sajeni anatsegula foni yake. Nayonso mbee.

"Koma lamulo la leroli ndalikonda," anatero Zigwetsa akutembenuza nyama. "Lalifupi, lomveka, lopanda mawu ovuta. Mfumu yathuyi yayamba kukhwima nzeru."

Milungu inadutsa choncho. Kunyumba yachifumu malamulo ankalembedwa tsiku ndi tsiku, koma kumsika sikunkafika ngakhale limodzi. Apolisi, posowa milandu yatsopano, anaphunzira bawo. Anthu anayamba kunenepa m'masaya. Ena magetsi akazima ankatsegula tsamba lachifumu, chifukwa kuyera kwake kunkaunikira bwino posankha nyemba. Mayi Nankhoma anamveka akunena kuti chibadwire chawo aka n'koyamba boma kuwathandiza.

Mfumu sinadziwe kanthu. Tabuleti yake inali itasunga kale zilembozo m'mimba mwake, moti ikangotsegula, zonse zinkaoneka nthawi yomweyo, zokongola ngati ukwati. Inadzadzidzimuka tsiku limene inatuluka itavala chipewa chobiriwira n'kupeza mumsewu anthu ena atavalanso zobiriwira, chonsecho inali italamula kale patsamba paja kuti mtundu umenewo ndi wake yokha. Bwalo linaitanidwa mwachangu, Yotamu n'kugwaditsidwa pakati.

"Ine pano ndikuona," inatero mfumu ikukweza tabuleti. "Iwo akulephera bwanji? Kodi maso awo ndi osiyana ndi anga?"

"Ndi osiyana, wawa!" zinatero nduna.

Yotamu anafotokoza za kulemera kwa fayilo ndi ukalamba wa netiweki. "Njira zilipo, wawa. Tikhoza kupeputsa zilembozi. Tichotseko nthenga, asilikali aja akapume..."

"Akuti achepetse mfumu," ananong'ona Chogwada mokweza.

"Kapena tilole zilembo wamba zizi..."

Chogwada anagwira pamtima, nduna ina n'kuyamba kumukupizira.

"Ndiye yatsala imodzi, wawa," anatero Yotamu mofulumira. "Kuitaniratu. Timauza foni kuti isanakoke china chilichonse, kaya chithunzi kaya nyimbo, iyambe yathamangira zilembo za mfumu. Fayiloyo ndiifinyanso bwinobwino osathothola nthenga n'imodzi yomwe. Zikatero ngakhale netiweki ya kumsika idzakwanitsa."

Mawu akuti zilembo zake zikhale patsogolo pa zonse anaikomera mfumu. "Lolemba likudzali mboni zikanena kuti taona, nyumba ya pa Tafika ndi yako, ya mtengo wa mapeyala ija. Zikapanda kutero, ukayang'anira tsamba lathu kuboma la Kweramumtengo, kumene anthu amaimba foni ali panthambi. Ndipo pamwamba penipeni uikepo ili." Inamuponyera lamulo latsopano.

Yotamu anatuluka mapazi osagunda pansi. Ankauona mtengo wa mapeyala uja, ankadziona iye ali pakhonde atapinda miyendo. Lamulolo analiwerenga atafika kuofesi, ndipo kumwetulira kunamuumira pankhope. Linkati msika wa Tsitsaniko ugwetsedwe kuti pamangidwe chipilala cha chilembo N, chotalika kuposa bulugamu, ndipo amalonda onse asamukire kudambo la Mukaonanazo, kumene ngakhale achule amadandaula udzudzu.

Anadziuza kuti iye ndi mlembi chabe, wolemba si amene amagwetsa. Munthu akafuna nyumba amapeza mawu abwino odzitonthozera, ndipo Yotamu anawapeza ambiri. Anagwira ntchito ndi luso lake lonse. Fayilo anaifinya, mzere woitaniratu anaulemba pamwamba penipeni, zonse n'kuziika patsamba loyeserera limene anthu sankalidziwa. Pakompyuta ya muofesi zinayenda ngati madzi. Koma iye ankadziwa kuti za muofesi zimanamiza, mayeso enieni ndi netiweki ya pansi pa mbawa. Anayenera kupita kumsika, ndipo ulendo uno foni sikanatheka kuiika kukhutu chifukwa ankafunika kuiyang'ana.

"Mwatiyendera, bwana," anamva mawu kumbuyo kwake asanadine n'komwe. "Lero munthu wanu wa pafoni uja wadwala?"

Anali Felesiya, atakhala pakati pa milu ya zovala, akukutumula buluku.

"Ndili pantchito, achemwali."

"Gwira ntchito, ife sitiluma. Khala apa pamthunzi, tayi ingakupotole."

Yotamu anakhala pambali pake, mtima ukufuna kuti zinthu zikanike. Anadina. Kagudumu kanazungulira kamodzi, kawiri, n'kuzimiririka. Dzanja la Ndinepano linatulukira lonse, nthenga, mikanda, asilikali ali chilili. Yotamu anafuna kutembenuza foni, koma Felesiya anali atasuzumira kale, ndipo anali wowerenga mofulumira, poti malamulo anali atamuzoloweretsa. Anawerenga mpaka pansi osaphethira.

"Ili ndiye la Lolemba?"

"Apa ndi poyeserera chabe, achemwali. Silinakhale lamulo."

"Koma Lolemba lidzaoneka chonchi."

Yotamu anazimitsa foni.

"Zilembo zake n'zokongola," anatero Felesiya. "Wagwira ntchito, Yotamu, ndisakunamize. Akupatsa chiyani?"

"Nyumba. Pa Tafika."

"Eya, zabwino zimenezo. Kuchokera paphiri paja kudambo kumaoneka bwino. Uzidzatibayibitsa."

"Mukhoza kungonena kuti simunaone," anatero Yotamu chapansipansi.

"A Sajeni ataima pambali ndi foni yawo? Ndiponso ine bodza ndinalileka uli wamng'ono, nthawi imene ndinkakuuza kuti ndadya kale kuti iwe umalize m'mbale. Lolemba zikaoneka ndidzati taona. Ndiyo ntchito imene anzangawa anandisankhira."

Sanamukalipire, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Yotamu. Felesiya anapisa dzanja pansi pa thebulo n'kutulutsa jekete lakuda lopindidwa bwino m'pepala. Anati analipeza m'belo limene anatsegula dzulo lake, ndipo analibisa makasitomala asanalione, monga ankachitira ndi matayi onse amene Yotamu ankavala.

"Tenga. Paphiri sakwera ndi jekete long'ambika m'khwapa. Angamati unalibe okulera."

Yotamu anayenda mumsika jeketelo lili m'manja, likulemera kuposa fayilo ya mfumu. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana kumanzere ndi kumanja. Anaona Zigwetsa akukupiza moto, Mayi Nankhoma akuunjika tomato, osoka nsapato, ometa, amayi a zitumbuwa, onse amene ankamuitana kuti mwana wa Felesiya ali wamng'ono. Anachita manyazi, manyazi enieni ofika m'mafupa. Koma manyazi sachotsa mantha. Kukana sakanatha, pakuti mfumu ikanangomutumiza ku Kweramumtengo n'kupeza mlembi wina wodina. Kuwononga tsamba dala, akanamugwira. Anaganiza mpaka mutu kuwawa, kenako anakumbukira chinthu chimodzi chimene m'Dikirani simunasowepo chiyambire: nduna zokonda kuoneka.

Lachisanu anavala jekete lija n'kukaonetsa ntchito yake m'Bwalo. Anadina, zilembo n'kufika nthawi yomweyo. Ulendo uno anamuombera m'manja. Yotamu anadikira kuti phokoso lithe, n'kukanda m'mutu ngati munthu wosokonezeka.

"Pali kanthu kamodzi kakundivuta, mabwana, ine za ulemu sindizidziwa bwino. Chimene chaitanidwiratu ndicho chimafika poyamba. Zina zonse zimabwera pambuyo, monga zotsalira. Ndiye chithunzi cha Nduna ya Chuma, mwachitsanzo, chizibwera ndi zotsalirazo. Kaya zili bwino?"

Nduna ya Chuma inadzuka. "Ine chotsalira?"

"Ngati ya Chuma ikuitanidwiratu, nanenso!" inakuwa Nduna ya Nkhuku ndi Mazira.

Bwalo linasanduka msika wa Loweruka. Nduna iliyonse inafuna chithunzi chake chiitanidwiretu, chachikulu, choonetsa mpaka timabowo ta thukuta. Ina inati ndi mkazi wake yemwe. Mfumu, posafuna kupitiriridwa, inawonjezera nyimbo ya fuko ndime zonse, kanema wa tsiku limene inalowa ufumu, ndi zithunzi za ng'ombe zake, iliyonse payokha. Yotamu ankangogwedeza mutu mwaulemu. Ankadziwa kuti zonse zikaitanidwa poyamba ndiye kuti palibe chimene chili poyamba, zimangopanikizana pakhomo. Koma ankafuna msomali wina womaliza, ndipo nyundo yake inali m'manja mwa Chogwada.

"Bwana Nduna ya Ulemu, mundithandize. Zonsezi sizingalowe nthawi imodzi. Zilembo za mfumu zilowe poyamba, eti? Kenako zizidikira nduna?"

Chogwada anatupa ngati finye. "Mfumu idikire nduna? Iwe unakulira kuti? Unaonapo mfumu itafika pamsonkhano poyamba n'kumayang'ana mipando yopanda anthu? Mfumu imafika pomaliza, aliyense atakhala pansi, nyimbo itaimbidwa, ng'ombe zitadutsa! Zilembo zachifumu zibwere kumapeto kwenikweni. Ndipo mawu asaoneke zisanafike, ndinanena kale!"

"Chogwada wanena zoona," inatero mfumu. "Ine sindidikira munthu."

"Zilembedwe kuti ndi nzeru za a Chogwada, wawa," anatero Yotamu modzichepetsa. "Ine ndingabe ulemu wa eni ake."

Chogwada anavomera ndi mtima wonse, n'kuuza Bwalo kuti dongosololo lizitchedwa dzina lake.

Lolemba msika wonse unasonkhana pansi pa mbawa, chifukwa mphekesera ya chipilala inali itamveka. Ena anali atamanga kale katundu. Chogwada anabwera yekha kudzaonerera chipatso cha nzeru zake, ndipo Yotamu anaima kumbuyo kwake, thukuta likuyenderera m'jekete. Felesiya sanamuyang'ane. Anatsegula foni yake, anzake awiri n'kutsegulanso zawo.

Kunayamba nyimbo ya fuko. Anthu anaimirira mpaka ndime zonse zitatha. Kenako chithunzi cha Nduna ya Chuma chinayamba kutsika pang'onopang'ono, kuyambira padazi.

"Tawalandirani a Chuma," anatero Zigwetsa. "Afika mpaka m'nsidze."

Dzuwa linakwera. Inafika Nduna ya Nkhuku ndi mkazi wake. Mafoni anatentha moti Mayi Nankhoma anaika yawo pamthunzi n'kumaikupizira. Pofika masana ng'ombe yoyamba ya mfumu inali itaonetsa nyanga, ndipo pamenepo foni ya Zigwetsa inalira kuti bandulo yatha. Ya Mayi Nankhoma inatsatira. Ya Sajeni inangozima yokha osatsanzika. Ya Felesiya inalimbikira mpaka ng'ombeyo itaonetsa mphuno, kenako nayonso inagonja. Pansi pa zithunzi zonsezo, pamalo a malamulo, panali poyera kuti mbee.

"Mwaona?" anafunsa Sajeni ndi mawu otopa.

"Taona nduna, taona ng'ombe theka," anatero Felesiya. "Lamulo sitinalione."

"Likubwera," anatero Mayi Nankhoma, ndipo m'dziko la Dikirani limenelo ndi yankho lolemekezeka, lokwanira pa nkhani iliyonse.

Anthu anamasula katundu wawo mwakachetechete, kuopa kuseka pamaso pa nduna. Felesiya pamenepo ndiye anatembenuka n'kumuyang'ana mlongo wake kanthawi, kenako anabwerera kukakutumula mabuluku.

Chogwada anayenda ulendo wobwerera kunyumba yachifumu akulankhula yekha. Kunena kuti zakanika kukanakhala kudzimangirira chingwe, poti dongosololo linali ndi dzina lake. Pofika pamaso pa mfumu anali atapeza mawu. Anagwada mpaka chipumi kugunda pansi.

"Wawa, zimene ndaona lero sizinaonekepo! Msika wonse unaima padzuwa kuyambira m'mawa, maso pafoni, kudikira zilembo zanu. Palibe anakhala pansi, palibe anayasamula. Mabandulo awo anawapereka nsembe osadandaula. Ndipo pochoka anati Lolemba likudzali adzabweranso kudzadikira!"

Mfumu inatsegula tabuleti yake. Zonse zinalipo, zokongola, lamulo la chipilala lili pamwamba. Maso ake analengeza misozi. "Anthu anga amandikonda chonchi? Asiyeni adikire. Zilembo zachifumu sizithamanga ngati za makoswe. Chipilala chidzamangidwa zikadzafika, ndipo aliyense wokhudza dongosolo la Chogwada adzaona chimene chinameta nkhanga... ayi, adzangopita ku Kweramumtengo, zisachuluke." Kenako inaloza Yotamu. "Iwe, mboni sizinanene kuti taona, koma wandipatsa choposa pamenepo. Nyumba ija ndakupatsa. Lemba lamulo lake, uliike patsamba, pansi pa la chipilalalo."

Yotamu analemba lamulolo ndi zala zake zomwe, dzina lake lonse m'Dzanja la Ndinepano, nkhope ya mfumu ikumwetulira m'kati mwa O wake. M'mawa mwake anakwera Phiri la Tafika kukatenga makiyi. Woyang'anira nyumba za boma anamulandira bwino, n'kumupatsa mpando.

"Nkhani yanu tinaimva, a Kalilangwe, tikukuyamikirani. Mboni zaona?"

"Mfumu inanena pamaso pa Bwalo lonse."

"Kunena inanenadi. Koma mwambo mukuudziwa kuposa ine. Mboni zikadzati taona, makiyi ndi awa, mudzawapeza pamsomali pomwepa."

Yotamu anasuzumira pampanda potuluka. Mtengo wa mapeyala uja unali utabereka mpaka nthambi kuwerama. Anauyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndisabise, analira pang'ono, chifukwa nyumbayo ankaifunadi, ndipo kuchita bwino sikunachotse kuifunako. Anatsika phiri mitambo ya mvula ikusonkhana cha ku Kamatope.

Anadzera mumsika, foni ili m'thumba. Felesiya anamusunthira mulu wa malaya kuti akhale.

"Akuti pali lamulo latsopano lokhudza iwe," anatero. "Tationetsa, bwana."

Yotamu anatsegula tsamba. Nyimbo ya fuko inayamba, iye n'kuitsitsa mawu. Anapitirira malo a nduna ndi ng'ombe mpaka anafika poyera paja, n'kuika chala chapansi.

"Ili apa. Zipinda zinayi, khonde, madzi m'nyumba momwe. Mtengo wa mapeyala uli cha apa."

"Yokongola," anatero Felesiya akuyang'anitsitsa poyerapo. "Nanga pamwambapa?"

"Pamenepo ndi inu, achemwali. Ndi msika wonse."

"Ndiye ukangochotsa kamzere kamodzi, nyumba yako itulukira?"

"Zitulukira zonse ziwiri."

Felesiya anayang'ana kumwamba. Madontho oyamba anayamba kugunda pamalata a osoka nsapato. Anapisa dzanja pansi pa thebulo n'kutulutsa chipepala cha pulasitiki chachikulu, chimene ankafunditsira kaunjika wake mvula ikamagwa, n'kuchipinda, n'kumuika pamiyendo.

"Ukayale padenga, cha kumene kuli bedi. Zovalazi ndilowetsa kwa a Zigwetsa."

Yotamu anali akuyang'anabe pamene panali chala chake.

"Tseka foniyo, mwana wa amayi," anatero Felesiya. "Ungathe bandulo."

Anaitseka.